Kukwera ku Nyika: Mmene Mungakonzekere Ulendo ndi Zoti Mukachite Mukafika

Amalawi ambiri dzina la Nyika analimva m'kalasi, analiloweza pokonzekera mayeso, koma phazi lawo silinapondeko. Ena amati n'kutali, ena amati ndi malo a azungu. Kutali n'kutalidi, ndipo msewu wake ndi wotopetsa. Koma zoti ndi malo a alendo akunja okha, ayi. Phiri ili ndi lathu, ndipo munthu wokhala ku Mzuzu, ku Lilongwe kaya ku Blantyre, akakonzekera bwino ndi anzake angapo, angathe kukafika. Malangizo awa ndi a munthu amene akupita koyamba.

Yambani ndi kudziwa malo amene mukupita

Nyika ndi paki yaikulu kuposa ina iliyonse m'Malawi, yokula pafupifupi masikweya kilomita 3,200, ndipo ndi yoyamba kukhazikitsidwa, m'chaka cha 1965. Ili m'chigawo cha kumpoto, ndipo imakhudza maboma a Rumphi, Chitipa ndi Karonga. Mbali yake yaikulu ndi phiri lotambalala pamwamba, lotalika kupitirira mamita 2,000. Nsonga yake yaitali ndi Nganda, ya mamita oposa pang'ono 2,600. Kachigawo kena kakang'ono ka phirili kali m'dziko la Zambia, ndipo nakonso ndi paki.

Musapite ndi maganizo a ku Liwonde kapena ku Majete. Kuno si kokaona mikango, mvuu ndi ng'ona. Pamwamba pa Nyika pali zitunda za udzu waufupi zotsatizana mpaka pomwe maso alekezera, madambo ozizira, ndi timagulu ta nkhalango zowirira tobisala m'makwawa. Nyama zimaoneka patali, poyera, popanda tchire lozitchinga. Munthu wofuna kuona zonse m'maola awiri n'kubwerera adzakhumudwa. Patulani masiku atatu ogona pamwamba, osawerengera a panjira.

Sankhani nyengo

Apa m'pofunika kuganiza mofatsa, chifukwa Nyika ya mu Julayi ndi Nyika ya mu Januwale zimasiyana kwambiri.

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti misewu imakhala youma, kumwamba kuli mbee, ndipo mumaona patali. Vuto ndi kuzizira. Mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka madzi kuundana, ndipo m'mawa udzu umayera ndi chisanu. Nyama zina monga mbidzi ndi ntchefu zimakonda kutsikira kumunsi kofunda m'miyezi imeneyi, choncho pamwamba zimachepako.

Sepitembala mpaka Novembala ndiyo nyengo imene ndingalangize munthu woyamba. Kumafunda pang'ono, msipu umaphuka pamene panapsa, nyama zimabwerera pamwamba, ndipo misewu imakhala isanaonongeke ndi mvula. Chokhacho, utsi wa moto wa m'tchire umaphimba mapiri akutali.

Nyengo ya dzinja, makamaka Januwale ndi Febuluwale, ndi ya maluwa. Pa Nyika pamamera mitundu yoposa 200 ya maluwa a orchid, ndipo ambiri amachita maluwa nthawi imeneyi. Zitunda zimabiriwira, mbalame zochokera kutali zimakhala zafika. Koma matope ake si amasewera, nkhungu imatha kutseka njira masana dzuwa lili pamutu, ndipo galimoto wamba singakwere. Ngati mumakonda maluwa ndi mbalame, ndipo muli ndi galimoto yamphamvu ndi dalaivala wodziwa matope, pitani nthawi imeneyi. Simudzanong'oneza bondo.

Konzani za galimoto ndi malo ogona musananyamuke

Palibe minibasi yopita ku Chelinda, komwe kuli malo ogona alendo pakati pa paki. Magalimoto a matola opita ku Nthalire ndi ku Chitipa amadutsa m'kati mwa paki chakumadzulo, koma amakusiyani pamphambano, kutali ndi Chelinda, ndipo si nzeru kudalira zimenezo. Njira yabwino ndi kusonkherana anthu anayi kapena asanu, kubwereka galimoto yokwera m'mwamba yokoka ndi matayala onse anayi, n'kugawana mtengo wa mafuta. Magulu a kumpingo, a kusukulu ndi a kuntchito amachita chimodzimodzi. Ku Chelinda kuli bwalo laling'ono la ndege, koma zimenezo ndi za amatumba olemera.

Malo ogona alipo a mitundu itatu: loji ya nyumba zamatabwa yomwe ndi yodula, tinyumba ndi zipinda za ku kampu zotsikirako mtengo, ndi malo okhomapo tenti. Imbani foni kapena lembani uthenga milungu ingapo ulendo usanafike. Funsani mtengo wa Amalawi, chifukwa polowa m'mapaki a boma nzika zimalipira ndalama zochepa poyerekeza ndi alendo akunja. Funsaninso ngati mungaphike nokha, ngati nkhuni zilipo, ndi mmene msewu ulili sabata imeneyo. Funso lomalizali musaliiwale. Chitupa cha unzika chikhale m'thumba, n'chimene chidzakuchitireni umboni pachipata.

Longedzani ngati mukupita kumalo kopanda golosale

Zovala zofunda ndizo zoyamba kulowa m'chikwama: juzi yochindikala, jekete yotchinga mphepo ndi mvula, chipewa chophimba makutu, masokosi aatali angapo. Ana avalitseni kuposa mmene mukuganizira. Ogona mu tenti atenge mabulangete awiri kapena atatu aliyense, ndi chinthu choyala pansi, chifukwa kuzizira kumalowera m'nthaka. Nsapato zikhale zotseka zolimba, zomwe munaziyendera kale. Dzuwa la pamwamba limawotcha khungu ngakhale mphepo ikuzizira, choncho chipewa cha dzuwa chisatsale.

Chakudya gulani ku Mzuzu kapena ku Rumphi: ufa, mpunga, nyemba, mazira, usipa, tomato, anyezi, mafuta ophikira, shuga, masamba a tiyi, machesi. Onjezerani chakudya cha tsiku limodzi lapadera. Tengani tochi, mankhwala amene mumamwa nthawi zonse, ndi ndalama zogwirika m'manja, popeza netiweki ya foni pamwamba ndi yosadalirika. Ngati wina m'gulu ali ndi magalasi oonera patali, amenewo ndi chuma. Pa Nyika nyama imatha kukhala tsidya la chigwa, ndipo ndi maso okha mumangoona timadontho.

Za galimoto: tayala lapadera labwino, jeke, sipanala, pampu, chingwe chokokera, ndi fosholo ngati kuli mvula. Mafuta dzazani thanki ku Rumphi, ndipo ngati n'kotheka tengani ena m'chigubu chovomerezeka. Werengerani ulendo wokwera, woyendayenda pamwamba, ndi wobwerera. Musayembekeze kukagula mafuta m'paki.

Panjira

Ochokera ku Lilongwe kapena kumwera agone ku Mzuzu kapena ku Rumphi, n'kulawirira m'mawa. Kuchokera ku Mzuzu mutsata msewu wa M1 kulowera kumpoto, kudutsa Ekwendeni ndi Enukweni, kenako mukhotera kumanzere kulowera ku Rumphi, kuwoloka mtsinje wa South Rukuru pa Njakwa. Kuchoka pa Rumphi mudutsa Bolero, kwawo kwa Themba la Mathemba Chikulamayembe, n'kupitirira mpaka pachipata cha Thazima, mtunda wa makilomita pafupifupi 55. Kuchoka pa Thazima kukafika ku Chelinda ndi mtunda wina wonga womwewo. Pamapu zikuoneka zapafupi, koma mbali yaikulu ndi msewu wafumbi wa mabampu ndi zitunda, ndipo kuchoka pa Rumphi mungathe maola atatu kapena anayi. Chipata chimatsekedwa madzulo. Yesetsani kufika pa Thazima dzuwa lisanapendeke, kuti mdima usakupezeni m'njira.

Kuno ndi kwa Atumbuka. Chichewa amamva, koma mukayamba ndi "Monire" ndi kuthokoza kuti "Yewo", nkhope zimamasuka msanga.

Pachipata mulembetsa maina ndi nambala ya galimoto, mulipira, ndipo risiti muisunge. Mukangolowa, chepetsani liwiro. Chigawo cha Thazima ndi cha nkhalango ya mitengo ya mombo ndi masuku, ndipo ndi kuno kumene mungakumane ndi njovu. M'chaka cha 2017 njovu 34 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera ku Nyika kudzawonjezera zomwe zinalipo. Mukaziona pamsewu imani patali, musaimbe hutala, musatsike, dikirani zidutse zokha. Ndowe zaziwisi ndi nthambi zothyoka pamsewu ndi chizindikiro choti zili pafupi.

Mukamakwera, mitengo imafupika, kenako imatha, ndipo mwadzidzidzi mumapezeka muli pa udzu wopanda malire. Penapake msewu umayenda m'malire a Malawi ndi Zambia, mwakuti dzanja lina ndi dziko lina. Pasipoti siifunika bola mukhale mumsewu wa paki. Mukaona nkhalango ya paini yakuda bii kutsogolo, mwafika ku Chelinda. Mitengo imeneyi si yachilengedwe cha kuno. Inadzalidwa m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya atsamunda, poyesa ngati phirili lingakhale munda wa mitengo yopangira mapepala. Ntchitoyo sinapite patali chifukwa cha kutalika kwa mtunda ndi kuvuta kwa mayendedwe, ndipo tiyenera kuthokoza kuti zinatero, chifukwa bwenzi udzu wonsewu uli pansi pa paini.

Tsiku loyamba: musathamange

Chelinda ili pamtunda wa mamita pafupifupi 2,300. Munthu wochokera kunyanja kapena ku Chikwawa amamva befu akangokwera kachitunda kakang'ono. Imwani madzi ambiri, yendani pang'onopang'ono. Pitani ku ofesi mukafunse za munthu wokuperekezani ndi misewu imene ikudutsika. Kenako yendani wapansi mozungulira madamu omwe ali pafupi ndi kampu. Mbawala zimadya udzu pafupi ndi nyumba, ndipo m'madambo muona mphoyo, zomwe zikadzidzimuka zimaliza kakhweru kakuthwa n'kuthawa.

M'madamu ndi m'mitsinje yozizirayi muli nsomba za trout, zomwe zinabwera ndi azungu. Kuwedza kumafuna chilolezo, ndipo amagwiritsa ntchito mbedza ya nthenga yofanizira kachilombo, osati nyongolotsi kapena ukonde. Funsani ku ofesi ngati nyengo yake yatsegulidwa.

Dzuwa likamalowa, khalani mutavala kale zofunda, moto uli woyaka.

Tsiku lachiwiri: nyama, nyanja ya Kaulime ndi mbiri ya phirili

Dzukani kusanache bwino. Nyama zimaoneka kwambiri m'mamawa ndi madzulo. Nyama imene Nyika imadziwika nayo ndi chilembwe, yaikulu, yofiirira motuwa, ya nkhope ya mawanga akuda ndi oyera, makutu aatali ndi nyanga zopindikira kumbuyo. M'madera ambiri a mu Africa chilembwe ndi chosowa, koma kuno mungaone gulu lathunthu likudya phee. Muonanso ntchefu, zomwe ndi zazikulu kuposa agwape onse koma zamantha, mbidzi za mizere yopyapyala yothinana, njiri zothamanga michira ili m'mwamba, ndi nkhandwe. Akambuku aliko ndithu, ndipo nthawi zina amaoneka m'mbali mwa nkhalango ya paini chakumadzulo, koma kumuona ndi mwayi. Ulendo wausiku wa galimoto ya pakampu, wokhala ndi nyali yowala, ndiwo umapereka mpata woona afisi, njuzi ndi kambuku amene. Galimoto yanu musayende nayo usiku.

Mukaona nyama, zimitsani injini ndi kukhala chete mphindi khumi. Anthu ambiri amajambula chithunzi n'kuthamangira kwina, osaona mwana akuyamwa kapena amphongo akuyesana mphamvu. Ndipo musatuluke mumsewu ndi galimoto pofuna kuyandikira. Udzu wa pamwamba pano ndi wosalimba, mkukuluzi wa tayala umakhala zaka, ndipo mvula ikabwera umasanduka ngalande.

Okonda mbalame, mitundu yoposa 400 inalembedwapo m'paki muno. Yang'anani Denham's bustard, chimbalame chachikulu choyenda monyadira pa udzu, nkhwali za mapiko ofiira m'mbali mwa msewu, ndi wattled crane, mbalame ya m'madambo ya miyendo yaitali ndi khosi lalitali, yomwe ndi yosowa kwambiri. M'dzinja mumabwera namzeze wobiriwira modera wa mchira wautali, amene amaswera m'maenje a pansi. Nkhalango za Zovo-Chipolo ndi Chowo ndi za mbalame za m'mitengo yowirira, ndipo kumeneko m'pofunika wokuperekezani wodziwa kulira kwake.

Chakumadzulo kwa Chelinda, osati patali, kuli Kaulime, nyanja yaing'ono yokhayo yachilengedwe pamwamba pa phirili. Nyama zimabwera kudzamwa, choncho ndi malo abwino odikirira. Koma Kaulime si chitsime cha nyama chabe. Kwa anthu a kuno ndi malo a mizimu. Akuluakulu amasimba za njoka yaikulu yokhala m'madzimo, ndipo makolo ankabwera kudzapereka nsembe popempha mvula. Fikanipo mwaulemu. Musasambemo, musaponyemo miyala, musachite phokoso.

Apa ndi pamene muyenera kufunsa wokuperekezani za anthu amene ankakhala m'phiri muno, chifukwa Nyika sinali yopanda anthu. Pa thanthwe la Fingira pali phanga lomwe munapezeka zida zamiyala, mafupa a anthu akalekale ndi zojambula pamwala. M'malo ena muli zotsalira za ng'anjo zomwe amisiri ankasungunuliramo chitsulo chosulira makasu ndi mikondo, ntchito imene Aphoka, anthu a m'mapiri a kuno, ankadziwika nayo. Pamene paki inakulitsidwa m'chaka cha 1978, midzi yambiri ya m'mphepete mwa phiri inasamutsidwa, anthu n'kusiya minda ndi manda a makolo awo. Masiku amenewo munthu sankatsutsa boma. Bala limenelo silinapole kwa mabanja ena mpaka lero, ndipo mlendo amene akusangalala ndi bata la pamwamba ayenera kudziwa kuti ena analipira mtengo wake. N'chifukwa chake ndimaona kuti n'koyenera kuti midzi yozungulira izipindula: kudzera m'bungwe la Nyika-Vwaza Association anthu amalandira gawo la ndalama za paki, ndipo magulu a alimi a njuchi amaloledwa kupachika ming'oma m'madera ena. Mukapeza uchi wa kuno ukugulitsidwa, gulani. Wokuperekezani mumpatse kangachepe koyenera, osati zotsala m'thumba.

Tsiku lachitatu: sankhani ulendo umodzi wautali

Simungathe kufika paliponse, ndiye sankhani malinga ndi mphamvu za gulu lanu.

Nganda ndi ya ofuna kuima pansonga. Galimoto imakufikitsani pafupi, ndipo kotsalako ndi kukwera pa udzu, kopanda matanthwe oopsa ngati a ku Sapitwa pa phiri la Mulanje. Kukakhala kopanda nkhungu mumaona nyanja ya Malawi ndi mapiri a ku Tanzania. Thanthwe la Jalawe, chakumpoto, limakuonetsani chigwa chakuya pansi panu, ndipo pamiyala yake mungaone chinkhoma chitaima ndi nsonga za ziboda. Mathithi a Chisanga ali pa mtsinje wa North Rukuru. Kumeneko mumatsika wapansi kuchoka pa udzu kulowa m'nkhalango, ndipo kumbukirani kuti kutsika n'kosavuta, ntchito ili pobwerera. Chakumwera chakum'mawa kuli nkhalango yaing'ono ya mitengo ya juniper, yofanana ndi mkungudza, yomwe inayamba kutetezedwa m'chaka cha 1948, paki isanakhazikitsidwe. Ndi amodzi mwa malo akumwera kwenikweni mu Africa kumene mtengowu umamera wokha. Msewu wake ndi wautali ndi wovuta, choncho funsani kaye.

Kulikonse kumene mungapite, uzani a ku ofesi njira yanu ndi nthawi yobwerera. Tengani madzi, chakudya ndi jekete ngakhale kunja kukuwala. Nkhungu ya pa Nyika imabwera mofulumira, ndipo zitunda zake zimafanana zonse, mwakuti munthu amasokera ali pafupi ndi galimoto yake. Ikakutsekerani, khalani pamodzi ndi kudikira. Mukabwerako, dzifufuzeni nkhupakupa m'miyendo.

Amene ali ndi miyendo yolimba ndi masiku okwanira angayende ulendo wa masiku atatu wapansi kuchoka ku Chelinda kutsikira ku Livingstonia, mishoni imene Robert Laws anaikhazikitsa pa Khondowe m'chaka cha 1894. Mumagona m'matenti, mumayenda ndi mlonda wa paki wa mfuti ndi onyamula katundu, ndipo mumatsika kuchoka pa udzu, kudutsa m'nkhalango, mpaka m'minda ya khofi ndi nthochi. Ulendowu uyenera kukonzedwa pasadakhale, ndipo galimoto yanu ipeze wokaizungulitsa kukakudikirani kumunsi. Palinso njinga zakapalasa za m'mapiri, zomwe pa misewu ya pamwambayi zimakoma kwambiri chifukwa nyama sizizithawa msanga ngati galimoto.

Zinthu ziwiri zoti musachite

Choyamba ndi moto. Ogwira ntchito m'paki amatentha zigawo zina mwadala kumayambiriro kwa chilimwe, udzu usanaumitsitse, kuti moto woopsa wa mu Okutobala usadzapeze podutsa. Moto wongobuka chifukwa cha ndudu kapena makala osazimitsa umalowa m'timagulu ta nkhalango tija, ndipo nkhalango yotere ikapsa sibwerera m'moyo wa munthu mmodzi. Phirili ndi thanki ya madzi ya chigawo cha kumpoto. North Rukuru, North Rumphi, Runyina ndi Wovwe, womwe umapukusa makina a magetsi ku Karonga, yonse imachokera pano. Kolezani moto pamalo okhawo okonzedwa, ndipo muuzimitse ndi madzi.

Chachiwiri ndi maluwa. Musathyole, musazule. Ndipo pali nkhani ya chinaka, chomwe ku Zambia amati chikanda, chakudya chopangidwa ndi timizu tozungulira ta maluwa a orchid. Kale anthu ankakumba pang'ono podyera pakhomo. Lero ndi malonda odutsa malire, ndipo okumba mozembera amalowa m'paki n'kutuluka ndi matumba. Duwa likakumbidwa ndi muzu wake, latha. Ambiri timadya chinaka osafunsa kumene chachokera. Mukaona dambo la Nyika litachita maluwa mu Febuluwale, mudzayamba kufunsa.

Zinyalala zanu zonse, mabotolo ndi mapepala apulasitiki, zitsike nanu.

Pobwerera

Nyamukani m'mawa, ndipo potsika gwiritsani ntchito magiya aang'ono kuti mabuleki asatenthe. Ngati mwatsala ndi tsiku limodzi ndi mafuta okwanira, khoterani ku Vwaza Marsh, kumunsi kwa phiri chakumwera chakumadzulo. Pa nyanja ya Kazuni mukaona mvuu, ndipo nthawi yachilimwe njovu zimabwera kudzamwa. Malo awiriwa, Nyika ndi Vwaza, ali m'gulu la nkhalango zimene Malawi ndi Zambia anagwirizana mu 2015 kuti aziteteza mothandizana, ndipo kuyambira 2023 boma likuwayendetsa pamodzi ndi bungwe la Peace Parks Foundation. Ku Vwaza n'kotentha, kuli udzudzu ndi kashembe, choncho majuzi abwerere m'chikwama, mutulutse malaya a manja aatali osakhala akuda kapena abuluu, ndipo mugone m'masikito. Kuchoka pa Kazuni kubwerera pa Rumphi ndi pafupi, ndipo pamenepo mudzapeza mafuta ndi netiweki yoimbira kunyumba.